Nkhuku Yachiwiri ya Ivone

Ivone anakumana ndi Flávio pa paraje, pokwerera maminibasi, ku Ulongwe, m'mawa wina wa nyengo yozizira, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Mtsikanayo ankapita kusukulu yophunzira zauphunzitsi, kaderno wake wolembamo ali pachifuwa. Flávio anali woyendetsa chapa, minibasi ya ku Tete, wamtali, wa kamwa lodziwa ntchito yake.

"Mana, mlongo wanga, mukunjenjemeratu. Valani kazako wangawu."

"Nanga ndidzakubwezerani bwanji?"

"N'chifukwa chaketu ndikupempha numero yanu."

Ivone anaseka, navala kazakowo, jekete lofunda bwino, napereka numero ya telefoni. Zinayamba choncho, mopepuka ngati nthabwala.

Sabata yoyamba mensaje za pa telefoni zinkagwa ngati mvula ya m'dzinja. "Wadzuka bwanji, duwa langa la ku Lifidzi?" Masana ina: "Ndafika ku Moatize, koma mtima ndausiya m'thumba la kazako. Undisungire." Pofika mwezi, Flávio analemba mawu amene Ivone anawawerenga mpaka kuwaloweza: "Loweruka ndikukaonekera kwa amalume ako. Ndikufuna ukhale wanga pamaso pa anthu."

Ivone anauza amalume ake, a Josias, amene anamulera mayi ake atamwalira. Loweruka lija akuluwo sanapite kumunda wa nyemba. Anavala malaya a ku Misa, natulutsa mipando iwiri pakhonde. Dzuwa linapendeka mpando wina uli wopanda munthu.

Telefoni ya Flávio inali zii. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachisanu. Kodi wachita ngozi pamsewu? Kodi wadwala? Ivone analira, analumbira kuti basi, zatha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi telefoni inanjenjemera.

"Mtima wanga, ndakusowa. Galimoto inafa ku Zóbuè. Loweruka likubwerali, ndithu."

Mkwiyo wonse unasungunuka pomwepo. Ndipo zoona zake n'zakuti mensaje imodzi imeneyo inamukomera kuposa zonse za sabata yoyamba zija.

Umo ndi mmene zinakhalira miyezi inayi. Pena Flávio ankalemba masiku atatu otsatizana, pena ankasowa masabata awiri. Pena ankatulukira ndi nsomba za ku Tete m'pepala, namutcha mayina onse okoma a pansi pano. Ivone sankadziwa tsiku, choncho ankayang'ana telefoni tsiku lililonse: posamba, pochapa, ngakhale m'kalasi pansi pa tebulo. A Josias anavala malaya a ku Misa katatu, ndipo katatu konse anawavula mlendo osafika. Ivone ankadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'masiku omwewo apulofesolo Eugénio, amene ankawaphunzitsa za mmene anthu ndi nyama zimatengera chizolowezi, anawapatsa ntchito yokachitira kunyumba.

"Pezani nkhuku ziwiri ndi chivindikiro chofiira cha botolo. Muziphunzitse kuti zikajompha chivindikirocho, mukuziponyera chimanga. Zikazolowera, yoyamba muziipatsa nthawi iliyonse ikajompha. Yachiwiri muziipatsa mwa apo ndi apo: pena ikajompha kawiri, pena kakhumi, isadziwe kuti ndi liti. Pakatha masabata awiri, muleke kuziponyera zonse. Mudzandiuze imene idzayambe kutopa."

"Si yachiwiriyo, apulofesolo?" anafunsa Ivone. "Ija mwakhala mukuimana kale?"

"Kayeseni, mwana wanga. Ine sindiulula mayeso."

Ivone anabwereka nkhuku ziwiri kwa mayi a nyumba imene ankagona, yoyera ndi yamawanga. Yoyera ndiyo inkalandira nthawi zonse. Tsiku limene analeka kuponya chimanga, yoyerayo inajompha kangapo, inapendeketsa mutu kumuyang'ana, kenako inapita kukapalasa kudzala. Mawa lake siinachiyandikirenso chivindikirocho.

Koma yamawanga ija! Inajompha m'mawa wonse. Inajompha mawa lake, ndi mkuja. Zinzake zikufukula chiswe kuseri kwa bafa, iyo ili pomwepo, go, go, go, pa chivindikiro chopanda kanthu. Ivone analemba zonse mu kaderno, naseka.

"Chitsiru cha nkhuku," anatero, dzanja lina likupisa m'thumba kuti aone ngati mensaje yalowa.

Lachisanu la sabata imeneyo anapita ku paraje, poti Flávio anali atasowanso masiku khumi, ndipo mawa lake linali Loweruka lachinayi lolonjezedwa. Anakhala pabenchi pafupi ndi mayi wina wogulitsa mbatata zokazinga, wamkulu kwa iye ndi zaka zochepa. Mayiyo ankatembenuza mbatata ndi dzanja limodzi, lina litagwira telefoni.

Mwadzidzidzi matelefoni awiri analira pamodzi.

Ivone anatsegula yake. "Mtima wanga, ndakusowa. Loweruka lino, ndithu."

Mayi uja anali akumwetulira ngati mwana wopatsidwa switi. Chimwemwe chinamukulira, nafuna woti amuonetse.

"Taonani, mana, wakumbuka! Ndimati wandiiwala."

Ivone anayang'ana. Mawu omwewo, chilembo ndi chilembo. Pamwamba pake dzina lomwelo.

"Ameneyu ndi ndani wanu?" anafunsa Ivone.

"Flávio wa chapa. Ine ndine Teresa, wa ku Domwe. Akuti akaonekera kwathu."

"Anayamba liti kunena zimenezo?"

Teresa anawerenga zala. "Kukolola kuno zikwana zaka zitatu. Musaseke, mana. Akanakhala wongosoweratu, bwenzi nditamuiwala kalekale. Panabwera mwamuna wina wabwinobwino wa ku Dedza, ndinatsala pang'ono kumulola. Sabata yomweyo uyu anatulukira ndi nsomba m'pepala. Ndiye munthu umati, mwina ulendo uno."

Ivone anayang'ana nkhope ya Teresa, yotopa koma yowala ndi chiyembekezo, ndipo m'makutu mwake munkamveka go, go, go. Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali chakuti pali mkazi wina. Chinali chakuti anadziona yekha pabenchi pomwepo zaka zitatu zikubwerazo.

Anatembenuza telefoni yake, naionetsa Teresa. Mayiyo anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Mbatata zinayamba kupserera m'chiwaya.

"Mwina wasokoneza numero," anatero Teresa motsitsa mawu.

Ivone anavula kazako uja, naupinda bwinobwino, nauika pabenchi.

"Akadutsa mumupatse, mana. Mumuuze kuti ndapisa m'matumba monse, mtima mulibe."

Anayenda wapansi kubwerera kunyumba, misozi ikutsika osaipukuta. Ankamukonda Flávio, ndipo zimenezo sizinathere pa paraje. Atafika anapeza yamawanga ili pantchito yake, tsiku lachisanu, nthenga zitanyankhalala.

"Pepa, mnzanga," anatero. "Ndinakutcha chitsiru."

Anatola chivindikiro chofiira nachiponya m'dzenje la zinyalala, kenako anamwaza chimanga chodzaza manja pansi. Nkhukuyo inadya mwaphuma. Itakhuta, inabwerera pamalo paja panali chivindikiro, nijompha dothi kawiri.

Telefoni inanjenjemera. Dzanja la Ivone linafika m'thumba lisanamufunse mwini wake.

"Duwa langa la ku Lifidzi, bwanji uli chete? Uwauze amalume akonzeke."

Anaiwerenga, mtima unadumpha monga kale, ndipo anachita manyazi kuti wadumpha. Anadziwa kuti udzadumphanso mawa, mwina mpaka mwezi wathunthu. Anafufuta numero ija, kenako anaimbira ku Lifidzi.

"Amalume, ndine Ivone."

"Eya, mwana wanga. Malaya ndachapitsa kale. Mlendo wathu afika nthawi yanji?"

Ivone anayang'ana nkhuku ija ikuchoka pang'onopang'ono kulowera kudzala kumene kunali zinzake.

"Mawa pitani kumunda, amalume. Nyemba zikuuma. Ndibwera kudzakuthandizani kuzula."