Mphonje Yachinayi

Noemi, mtsikana wachiyuda, anakumana ndi Alvise pokwerera boti, pafupi ndi mlatho wolowera m'dera la Ayuda mumzinda wa Venezia. Mvula inkawaza, ndipo mnyamatayo anamufunditsa ambulera osamufunsa n'komwe.

"Ukanyowa iwe, mzinda wonse udwala chimfine," anatero.

Noemi anaseka. Akanadziwa!

Alvise anali katswiri wa zisudzo, pakamwa pokoma ngati uchi. Pasanathe mwezi, foni ya Noemi sinkapuma. "Nkhunda yanga, wadya?" "Popanda iwe ndine boti lopanda nkhafi."

Gulu lake linkakonzekera sewero lina lakale loseketsa, lomwe oweruza amalanda Myuda zonse, ndi chipembedzo chomwe, kenako n'kumati amuchitira chifundo. Alvise ndiye ankasewera Myudayo.

"Ndimadana nalo sewero limenelo," Noemi anamuuza. "Anthu amakhala akuseka makolo anga."

"Ulendo uno palibe aseke, ndikulumbira! Ndikufuna atuluke akudzifunsa ngati chimenecho chinali chilungamo. Ungondibwereka nsalu yopempherera ya bambo ako, telala wathu aione, asoke yofanana nayo. Pansanja sikwera, duwa langa."

Nsaluyo a Emanuele, bambo ake, anapatsidwa ndi malemu akazi awo tsiku la ukwati. Inali ndi mphonje zinayi, imodzi pangodya iliyonse. Chiyambireni kudwala mtima ankaivala pa Sabata pokha. Noemi anaitenga Lamulungu mwakachetechete, mtima ukumutsutsa. Koma munthu wokutcha nkhunda angakunamize?

Lachisanu masana, tsiku loyamba la sewero, uthenga unalowa. "Lero usabwere, ndingachite manyazi ndikakuona." Noemi anagula maluwa n'kupitabe.

Anakhala pansi m'holo, sewero n'kuyamba. Alvise anatulukira pansanja atamata chimphuno chachikulu, akuyenda motsimphina, nsalu ya bambo ake ili pamapewa. Oweruza atamulamula kugwada, anadzigwetsa n'kumina m'nsaluyo. Holo yonse inafa nacho chiseko. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sewero litatha, Noemi anamupeza kuseri kwa nsanja akuchotsa mphuno ija.

"Wamva mmene amaombera m'manja?" Alvise anafunsa mwamanyazi.

"Unalumbira, Alvise."

"Anthu abwera kudzaseka, wokondedwa. Ndi sewero chabe."

Noemi analanda nsaluyo. Ngodya imodzi inali yopanda kanthu.

"Mphonje ili kuti?"

"Kachingwe kaja? Kamakola batani ndikamagwada, ndiye ndadula. Ndikugulira nsalu ina yokongola kuposa iyi."

"Ukudziwa nthawi imene ife timadula mphonje? Timadula mwini wake akamwalira, pomukulunga kupita naye kumanda. Bambo anga ali moyo!"

"Nanga ndikanadziwa bwanji, nkhunda yanga?"

"Ukanafunsa. Ndipo usanditchulenso dzina limenelo."

Anasiya maluwa pansi n'kutuluka akulira. Pofika kunyumba dzuwa linali litalowa, Sabata layamba, ndipo pa Sabata Myuda samanga mfundo, choncho sakanatha kumangirira mphonje ina. Anapinda nsaluyo n'kuibwezera m'thumba lake. Kuulula kunamukanika.

M'mawa mwake a Emanuele anaifunda, n'kuyamba kusonkhanitsa mphonje m'zala kuti azipsompsone monga mwa nthawi zonse. Maso awo anali ofooka, koma zala zinkadziwa njira. Yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Anapapasa ngodya yotsalayo nthawi yaitali.

Noemi anayembekezera mkwiyo. Bwenzi zili bwino akanamukalipira.

Koma iwo anakhala pampando pang'onopang'ono, n'kumugwira dzanja mwachikondi.

"Mwana wanga, usaope, ndine munthu wamkulu," anatero motsitsa mawu. "Adokotala aja anakuuza kuti ndatsala ndi masiku angati?"