Foni ya Agogo Yasiya Kunyezimira

Kachala anadina foni. Anadinanso.

Dzina limeneli anamupatsa ndi agogo ake aamuna. Chala chake sichinkakhala phee.

Foniyo inali ya agogo. Agogowo anali telala.

Foni inafunsa kuti, "Mukufuna maonekedwe atsopano?"

Kachala sanafunse munthu. Anadina "Inde." Kenako anathamangira kusukulu.

Mpaka tsiku limenelo, tizithunzi ta pafoniyo tinali tonyezimira. Tinali totukuka ngati masiwiti. Agogo sankadziwa kuwerenga, koma kachithunzi kobiriwira ankakadziwa. Ankakatcha siwiti yawo.

Masana aliwonse ankadina siwitiyo. Ankalankhula ndi akazi awo, omwe anagonekedwa kuchipatala chakutali.

Kachala anabwerako kusukulu. Makina osokera anali zii. Agogo anali atangogwira foni.

"Siwiti yanga yapita kuti?" anafunsa agogo.

Kachala anayang'ana. Tizithunzi tonse tinali tophwatalala. Panalibe konyezimira. Panalibe kotukuka.

"Zonse zangofanana," anatero agogo. "Ngati wina wazisita ndi simbi. Lero agogo ako aakazi andidikira. Aganiza kuti ndawaiwala."

Kachala anawerama.

"Ndine, agogo. Ndinadina ndine. Pepani."

"Chala chimenechi! Bwezera zakale msanga."

Kachala anayesa. Zinakanika. Anathamangira kwa wokonza mafoni.

"Zakale sizibwerera, mwana iwe," anatero wokonza mafoni.

Kachala anabwerera akulira. Koma kulira sikuimba foni.

Anatsegula chitini cha agogo. Munali ulusi. Munali singano. Munalinso mkanda wobiriwira, wonyezimira.

Kachala anamata mkandawo m'mphepete mwa foni. Anaumata pafupi ndi kachithunzi koimbira.

"Gwirani mkanda, agogo. Mudine pambali pake."

Agogo anagwira. Agogo anadina. Foni inaitana.

"Bambo inu, mwachedwa bwanji lero?" anatero agogo aakazi. "Ndimayesa mwakwatira wina!"

"Andifune ndani ine?" anayankha agogo. "Wadya koma?"

Agogo aamuna anaseka. Kachala anasekanso, misozi ili m'masaya.

Koma tizithunzi tonyezimira sitinabwerere. Nthawi zina agogo amapukuta foni ndi kansalu. Amapukuta, amapukuta. Siinyezimira. Kachala amaona, ndipo amabisa chala m'thumba.

Tsono iwe, usachite za Kachala. Foni ya agogo ikakufunsa kanthu, thamanga ukafunse eni ake kaye.