Maso a Carolina Atabwerera Mwakale

Anakumana pokwerera shapa, timinibasi ta ku Furancungo, fumbi lili koboo. Carolina, mphunzitsi wa pashikola yapafupi, ankatikita m'maso. Inácio, wogulitsa mbatatesi za ku Tsangano, anamupatsa kansalu.

"Maso okongola chonchi musawazunze, apulofesora," anatero. Mnyamatayu pakamwa anali wothira shuga, ndipo Carolina anagwa naye m'chikondi osayang'ana n'kumbuyo komwe.

Chikondi chitafika pampondachimera, Carolina anaulula chinsinsi chake.

"Amor, maso angawa ndi obwereka. Ine sindiona patali. Dokotala wa ku Beira anandipatsa timalenti, timagalasi ting'onoting'ono toika m'maso pogona. Timakanikiza kakhungu koonekera ka pamwamba pa diso, ndiye m'mawa ndikavula ndimaona bwinobwino tsiku lonse. Koma ndikangosiya, diso limabwerera mwakale."

"Ndiye utasiya sungandione?"

"Uli kutsidya kwa msewu ungangokhala chithunzithunzi."

"Usade nkhawa, duwa langa. Ineyo ndidzakhala maso ako mpaka imfa."

Ndani akanakayika mawu otere?

M'chilimwe diso lamanzere linafiira, likulasa ngati mwalowa mchenga. Dokotala anamuuza pafoni kuti asiye malentiwo msanga ndipo ayambe mankhwala, apo ayi pakakhungu paja pachita chilonda.

Carolina anachita mantha. Analembera Inácio uthenga: "Ndasiya malenti. Dziko lonse lachita chifunga. Bwera, ndikuopa."

Yankho silinachedwe: "Ndili ku Tsangano, tikukumba mbatatesi. Pirira, mtima wanga. Ndikulota iwe wekha."

Pansi pa sutikesi panali magalasi ake akale, ochindikala ngati matako a botolo. Inácio anali asanawaonepo, poti Carolina ankachita nawo manyazi. Tsopano diso litabwerera mwakale, magalasiwo anayambanso kumuyenera. Komabe popita kumsika anangowaponya m'chikwama, n'kumayenda akutsinzinira.

Pafupi ndi ogulitsa nyemba anamva mawu a mkazi kutsidya kwa kamsewu.

"Bambo a Bento, mayi uyo bwanji akutiyang'ana chonchi?"

"Musiye. Saona patali ameneyo."

Mawu achiwiriwo Carolina akanawazindikira ngakhale ali m'tulo. Anapisa m'chikwama n'kuvala magalasi aja.

Dziko linayera mbee. Inácio anali chilili, atanyamula thumba la mkaziyo. Kumsana kwa mkaziyo kunali khanda, makutu ake a Inácio enieni.

Chinamupweteka Carolina koposa si mkaziyo, si khandalo. Munthu amene anamuululira chilema chake sanavutike n'kubisala komwe! Anangoima poyera, kudalira kusaona kwa Carolina.

Inácio ataona magalasiwo, kumwetulira kunathawa. Anawoloka msewu mothamanga.

"Amor, tamvera, ameneyu ndi mlamu wanga..."

Misozi inadzaza kuseri kwa magalasi, koma Carolina sanawavule.

"Unati udzakhala maso anga, Inácio. Zikomo, ndapeza angaanga. Bwerera, bambo a Bento, mwana akulira."