Chigoba cha Kabatani Chafewa

Uyu ndi Nkhululu. Dzinali si la kusukulu ayi. Ndi la kunyumba. Anamupatsa ndi abambo ake. Akuti pakamwa pa mwanayu sipadziwa tchuthi.

Nkhululu anali ndi akamba awiri. Anali ana, ang'onoang'ono. Anachokera kwa azakhali ake. Wina anamutcha Liwiro. Wina anamutcha Kabatani. Kabatani ankakwana m'dzanja, malo n'kutsalako.

Nkhululu ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna Kabatani akule. Akule, akhale wamphamvu.

Nanga mwana amakula bwanji? Nkhululu sanavutike n'kufunsa. M'nyumbamo munali khanda, mlongo wake. Khandalo linali lonenepa, masaya ngati mabanzi. Ndiye kuti amayi amaidziwa ntchito. Nkhululu anangoti aonera kwa amayi.

Amayi asambitsa khanda ndi sopo. Nkhululu asambitsa Kabatani ndi sopo.

Amayi adzoza khanda mafuta. Nkhululu adzoza Kabatani mafuta. Chigoba chili waliwali.

Amayi afunditsa khanda shawelo. Nkhululu afunditsa Kabatani sokosi ya abambo. Tsiku limenelo abambo anapita kuntchito ndi masokosi osiyana.

Amayi ankati khanda silikhala padzuwa. Nkhululu anamva. Anaika akamba ake m'katoni ya nsapato. Katoniyo anaikankhira kunsi kwa bedi. Chakudya chawo, mkate wonyika mu mkaka.

Kabatani anali mwana womvera. Pomwe wamusiya, umupeza pomwepo.

Koma Liwiro, mmm. Liwiro anali mwana wosamva. Anapeza pobooka pakona pa katoni. M'mawa uliwonse, ulendo. Pang'onopang'ono kudutsa kunsi kwa tebulo. Pang'onopang'ono kutuluka pakhomo. Ankabwera ali mbuu ndi fumbi, kamwa ili biriwiri ndi masamba. Nkhululu ankamukalipira. Ankamuuza kuti aziona mnzake. Liwiro ankangolowetsa mutu m'chigoba. Nkhani yatha.

Tsiku lina Nkhululu anakoka katoni ija. Kabatani sanadye. Mkate uli momwemo.

Anamunyamula. Chala chake chinalowa pang'ono pamsana. Chigoba chinali chofewa. Chofewa ngati tomato wakupsa.

Anamuika pansi. Kabatani anayesa kuyenda. Miyendo yakumbuyo ili lende.

Anagwira Liwiro. Chigoba chili gwa. Anagwiranso Kabatani. Chofewa.

Nkhululu anakhala chete.

M'nyumba monse munati zii. Amayi anamva wotchi ikuyenda. Anali asanaimvepo. Anasiya mbale, nathamangira kuchipinda. Anamupeza ali pansi, misozi ili m'maso.

"Amayi, Kabatani wafewa. Kodi afa?"

Amayi anagwada. Anagwira chigobacho ndi nsonga ya chala. Sananame. Anati sakudziwa. Koma anati kuli adokotala a ziweto, iwowo adziwa.

Abambo anatulutsa njinga. Nkhululu anakhala kumbuyo. Katoni ili pamiyendo. Liwiro anapita nawo, kuperekeza wodwala.

Kwa adokotala kunali mzere. Kunali galu womangidwa bandeji. Kunali mphaka wokwiya m'basiketi. Mphakayo ankayang'ana aliyense ngati wamubera.

Kenako anawaitana. Adokotala anali mayi wovala magalasi. Anatenga Kabatani mosamala. Anamuyang'ana pamwamba. Anamuyang'ana pansi. Kenako anamununkhiza. Anafunsa kuti kambayu bwanji akununkhira ngati khanda.

Apa pakamwa pa Nkhululu panatseguka. Anafotokoza zonse. Za sopo, za mafuta, za mkate ndi mkaka. Za kunsi kwa bedi. Za sokosi. Atafika pa sokosi, abambo anatsokomola. Anati ooh, kani ndi kumene inapita.

Adokotala anafunsa za Liwiro. Nkhululu anati za ameneyo asafunse n'komwe. Ndi wothawathawa. Amangokhala padzuwa n'kumadya zamasamba.

Adokotala anavula magalasi. Anamwetulira.

"Mwanawe, wamusamala ndi mtima wonse. Koma wamusamala ngati mwana wa munthu. Uyu ndi mwana wa kamba. Chigoba chimalimba ndi dzuwa."

Nkhululu anayang'ana Liwiro. Liwiro anayang'ana kumbali.

Adokotala anamudonthezera Kabatani mankhwala m'kamwa. Kenako anawerenga malamulo. Sopo, ayi. Mafuta, ayi. Mkate ndi mkaka, ayi. Dzuwa la m'mawa, inde. Osati la pawindo la galasi. Dzuwa lenileni, la panja. Pakhale ndi mthunzi pothawira. Pakhale ndi madzi m'kambale kosaya. Adye masamba. Pamasambapo awaze ufa wa makoko a mazira.

Nkhululu anafunsa ngati achire mawa. Adokotala anapukusa mutu. Anati za kamba sizifulumira. Anatinso chala chisamadinedine chigobacho. Chala chidikire.

Anafika kunyumba. Vuto lina linatulukira. Bwalo lawo linali laling'ono. Mpanda unali wautali. Paliponse mthunzi. Dzuwa la m'mawa alipeza kuti?

Abambo analoza apa. Amayi analoza apo. Nkhululu anati onse adikire. Anaika Liwiro pansi.

Liwiro anauyamba. Pang'onopang'ono. Banja lonse pambuyo pake. Pang'onopang'ono. Abambo anati ulendo uwu akanatenga kamba wa panjira. Amayi anawagunda ndi chigongono.

Liwiro anadutsa pampopi. Anakhota kuseri kwa thanki ya madzi. Ndi apo! Kamalo ka udzu wofewa. Dzuwa lili phwii. Liwiro anatambasula khosi, natsinzina.

Abambo anamanga kakhola pomwepo. Anaika njerwa kuzungulira. Anaika waya pamwamba, kuopa akhwangwala. Amayi anapereka mphika wosweka. Umenewo ndiwo unali mthunzi.

Tsopano makoko a mazira. Nkhululu anasanduka wapolisi wa mazira. Abambo akamasenda dzira, iye ali pambali, dzanja lili tambalale. Amayi akafunsa kuti lero aphike chiyani, yankho linali limodzi. Mazira. Mawa lake, mazira. Abambo anati posachedwa ayamba kulira kokoliliko.

Nkhululu ankawiritsa makokowo. Ankawayanika. Ankawapera ndi supuni. Ankawaza pamasamba, pang'ono chabe.

M'mawa uliwonse, Kabatani padzuwa. Madzulo aliwonse, Kabatani m'nyumba. Poyamba ankangogona. Kenako analuma tsamba kamodzi. Kenako kawiri.

Chala cha Nkhululu chinkayabwa. Chinkafuna kudina. Nkhululu ankachikhalira. Ankachiuza kuti adokotala anakaniza.

Anadikira. Dzino lake linagwedera. Linachoka. Lina linamera. Khanda lija linayamba kukwawa. Nkhululu ankadikirabe.

Tsiku lina m'mawa, anaika tsamba lalikulu m'kakhola. Linali limodzi lokha. Liwiro analuma mbali iyi. Kabatani analuma mbali inayo.

Liwiro anakoka. Kabatani anakoka. Liwiro anakokanso. Kabatani sanasiye. Miyendo yonse inayi ili nji pansi.

Nkhululu anaitana amayi. Amayi anabwera ndi khanda m'manja. Anaitana abambo. Abambo anabwera ndi nsapato imodzi kuphazi. Onse anagona chafufumimba pa udzu. Maso pa waya.

Abambo anali mbali ya Liwiro. Amayi anali mbali ya Kabatani. Khanda linali mbali ya tsamba.

Ndiye Kabatani anasiya kukoka. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Analowetsa mutu. Anapita kutsogolo, n'kumugunda Liwiro.

Kho!

Chigoba pa chigoba. Ngati miyala iwiri.

Onse anamva. Liwiro anamvanso. Anasiya tsamba, nakabisala mumphika.

Nkhululu anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu kuvomera. Nkhululu anachotsa waya. Anatulutsa chala chija. Anagwira pamsana pa Kabatani. Anadina pang'ono. Chala sichinalowe.

"Chalimba, amayi. Ababa, gwirani. Chalimba!"

Abambo anagwira. Amayi anagwira. Khanda linafuna kugwira ndi pakamwa. Amayi analibweza.

Abambo anati kuyambira lero, aliyense akamamupatsa moni kambayu, azigwada. Nkhululu anaseka mpaka kugubuduka pa udzu. Kukhitchini tiyi anali kusefukira. Palibe anadzuka.

Kabatani sanayang'ane munthu. Anali pa ntchito. Anadya tsamba lonse, lonse. Sanasiyeko ndi phesi lomwe.