Njerwa ya Pansi pa Khomo

Ku Lifuwu, m'boma la Salima, kunali mmisiri womanga nyumba dzina lake Misheck. Ntchito ankaidziwa, koma anali wosauka kwambiri. Mpeni wake womangira unachita dzimbiri chifukwa chosowa pogwira. Alimi a mpunga akafuna shedi yosungiramo matumba, ankaitana mmisiri mnzake, Lenard. Oweta mbuzi akafuna khola la njerwa, ankaitana Lenard yemweyo. Misheck ankangopatsidwa ganyu yomata ming'alu ya zimbudzi.

Iye, mkazi wake Tiyanjane ndi mwana wawo wamkazi Yankho ankakhala m'kanyumba ka zidina kofolera udzu. Mvula ikamagwa, ankatchera mabeseni pamphasa.

Tsiku lina Lenard anaima pamsika ndi njinga yamoto yatsopano, ndipo anaona Misheck atakhala pakhonde la golosale.

"Achimwene, mpeni uja mukusendera chinangwa masiku ano? Bwerani mawa mudzandipondere matope."

Anthu anaseka. Misheck nayenso anaseka, koma mtima wake unadzaza nsanje.

M'mawa mwake anawoloka minda ya mpunga kupita kwa a Mose, sing'anga amene ankakhala pafupi ndi dambo lokumbamo dothi la njerwa. Anawapeza atavala malaya oyera bwino, akusenga zikhadabo ndi lezala pansi pa mtengo wa bwemba.

"Mwabwera ndi njala kapena ndi nsanje?" anafunsa a Mose.

"Ndi njala, bambo."

"Wanjala amaima pachigayo. Inu chigayo mwachidutsa."

Misheck anawerama. "Ndikufuna kuti aliyense wofuna kumanga azitchula dzina langa."

A Mose analowa m'nyumba ndipo anatuluka ndi chikombole chakale, chakuda ngati makala.

"Umbani njerwa ndi chikombole ichi, muziwotche nokha. Pa chilichonse chimene mudzamange, ikani njerwa imodzi pansi pa khomo. Anthu adzakufunani mpaka mudzatopa nawo."

"Ndikulipireni chiyani?"

"Ine sindilipiritsa. Imene imamva njala ndi nyumba. Woyamba kugona m'kati mwake ndi wake."

"Wake motani, bambo?"

"Mwamva kale, amisiri. Musandibwerezetse ngati tili m'kalasi."

"Nanga nditayamba ndagonekamo nkhuku?"

A Mose anaseka pang'ono. "Khola limadya za m'khola. Nyumba ya munthu siidya nkhuku."

Misheck ananena motsitsa mawu kuti, "Bola asakhale a kwathu."

"Zimenezo samalani ndinu. Njerwa ilibe maso. Siidziwa m'bale."

Misheck ananyamula chikombole chija. Anaumba njerwa zambiri, anaziwotcha yekha, ndipo zinatuluka zakuda ndi zolemera. Anaziunjika kuseri kwa kanyumba kake n'kuzifunditsa pepala la pulasitiki.

Sabata yomweyo mlimi wina anamuitana kuti amange khola. Khoma linaima chilili, lowongoka, moti odutsa ankaima kuliyang'ana. Tonde amene anayamba kugonamo anapezeka atafa, koma mwini wake anati ndi matenda a mbuzi. Kenako kalabu ya alimi a mpunga inamupatsa ntchito ya shedi. Mlonda wokalamba amene anayamba kutsamira matumba m'shedimo sanadzuke. Anthu anati ndi ukalamba. Misheck anapita kumaliro, ndipo pamaliro pomwepo anthu awiri anamukokera pambali kuti akawamangire nyumba.

Nyumba yoyamba inali ya Francis, wogulitsa nsomba zouma. Francis anayamba yekha kugona m'nyumba yake, ndipo anamwalira. Mkazi wake wamasiye anasiya ganizo lomanga sitolo imene mwamuna wake analonjeza kupatsa Misheck. Misheck sanamve chisoni ndi imfayo. Chimene chinamupweteka ndi sitolo ija. Iye anaganiza kuti: "Mwini nyumba akafa, ntchito imafa naye. Koma mwana akafa, makolo amalira, kenako amamanganso."

Choncho anapeka mwambo. Akamaliza nyumba, ankapereka makiyi ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Ife amisiri tili ndi mwambo wathu. M'nyumba yatsopano ayambe kugonamo ndi mwana, pakuti mtima wa mwana ndi woyera. Akatero, nyumba imadzaza madalitso."

Makolo ankathokoza ndi kuwomba m'manja. Mawu amenewa anakoma m'makutu mwa anthu, ndipo anafalikira. Nyumbazo zinali zotalikirana, ina ku Lifuwu, ina ku Senga Bay, ina m'tauni, choncho palibe amene analumikiza imfa za ana amene ankayamba kugonamo. Ankangoti malungo a kunyanja alusa chaka chino. Misheck ankamanga ziliza za anawo mwaulere, ndipo anthu ankamutama kuti ndi munthu wachifundo.

Analemera. Anagula galimoto yotuta mchenga, analemba anyamata ambiri, ndipo Lenard anagulitsa njinga yamoto ija chifukwa chosowa ntchito. Koma Misheck anakana kumanga nyumba yake.

"Bambo a Yankho," anatero Tiyanjane tsiku lina, "anzanga kumjigo akundiseka. Akuti ndinakwatiwa ndi mmisiri wa nyumba za malata, koma ndimagona ndi achule."

"Asiye aseke. Za kumanga undisiyire ine."

"Nanga njerwa zaunjikidwa kuseri zija zikudikira yani?"

"Usazikhudze!" anakalipa Misheck. Koma chifukwa chake sanachinene.

Nyengo yotentha itafika, Misheck anapeza ntchito yaikulu yomanga loji ya alendo ku Senga Bay, ndipo ankagona komweko pamodzi ndi anyamata ake. Tiyanjane anaganiza zomuchotsera mwamuna wake manyazi. Anagulitsa mpunga wa m'munda mwake, anagula simenti ndi malata, ndipo anaitana Lenard.

"Alamu, mundimangire kanyumba ka zipinda ziwiri. Koma mufulumire, asanabwere anzanuwo. Ndikufuna adzadabwe."

"Musadandaule, alamu," anayankha Lenard. "Adzadabwa ndithu."

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Misheck anabwerera kwawo. Ali patali anaona malata atsopano akung'anima pabwalo pake. Anaimika galimoto pakati pa msewu n'kutsika. Tiyanjane anamuthamangira akululutira, ndipo Lenard anali pakhonde akutsuka mpeni wake mu ndowa.

"Achimwene, takulandirani kunyumba kwanu!" anatero Lenard. "Koma ndinu womana. Njerwa zolimba chonchi mumazibisa m'pulasitiki? Ndayala mzere wonse wapansi, kuyambira pakhomo mpaka kuzungulira."

Misheck anayang'ana pansi pa khoma. Mzere wakuda unazinga nyumba yonse ngati lamba. Anatembenukira kwa mkazi wake.

"Yankho ali kuti?"

"Ndatsata mwambo wanu, bambo a Yankho," anatero Tiyanjane akumwetulira. "Ine sindinagonemo ayi. Ndati ayambe ndi mwana. Wagona chibwerere kusukulu, akuti pasimenti pakuzizira bwino."

Misheck anakankha chitseko. Yankho anali pamphasa, atavalabe yunifolomu, dzanja limodzi atatsamira. Bambo ake anamugwedeza, anamuitana, anamunyamula. Thupi lake linali lozizira ngati simenti imene anagonapo.

Misheck anatuluka naye panja akukuwa. Sankatchula Yankho yekha. Ankatchula mayina a ana onse amene anawamangira ziliza, mmodzimmodzi, n'kuulula za njerwa za pansi pa makomo, ndipo anthu amene anathamangira kudzaona anamva mayina a ana awo. Tiyanjane anamuyang'ana mwamuna wake kwa nthawi yaitali. Kenako anamulanda mwana m'manja, ndipo sanamuyankhulenso mpaka lero.

Misheck anathawira kudambo atanyamula chikombole. A Mose anali pansi pa bwemba pomwe paja.

"Tengani chinthu chanu, mundibwezere mwana wanga!"

"Amisiri, inu ndinu odziwa ntchito," anatero a Mose mofatsa. "Njerwa ikapsa, imabwereranso kukhala dothi?"

Anthu anatentha galimoto ya Misheck. Eni nyumba zimene anamanga anagumula makomo awo ndi makasu, ena anasamukiratu. Loji ya ku Senga Bay inaima popanda denga. Misheck sanagwidwe tsiku limenelo, koma mutu wake unazungulira. Masiku ano amayendayenda m'tauni ya Salima atavala thumba la simenti. Akaona nyumba yatsopano, amagwada pakhomo n'kuyamba kukumba ndi zala mpaka magazi, akunena kuti, "Dzutsani mwana, asagone." Ana amamugenda miyala, ndipo iye amatola miyalayo n'kuiyala mumzere wowongoka bwino.

Nkhani imeneyi ikutiphunzitsa kuti dyera ndi loipa, ndipo chuma cha zitsamba chimalipidwa ndi moyo. Munthu akavomera kuti ana a anzake afe kuti iye alemere, adziwe kuti wakonza kale mphasa ya mwana wake. Ndi bwino kugona m'nyumba yodontha ana ali moyo, kusiyana ndi kugona m'nyumba yamalata yopanda wokuitana kuti bambo.