Galimoto ya Chrispin Inkamwa Magazi

Pa Msundwe panali bambo wina dzina lake Chrispin, yemwe chuma chake chonse chinali pikapu yokalamba. Chitseko chake chinali chomanga ndi waya, ndipo m'mawa sinkalira pokhapokha anthu aikankhe. Komabe ndiyo inkadyetsa banja lake. Minibasi ikafera pamsewu wa ku Mchinji, Chrispin ankapita ndi tcheni kukaikoka. Loweruka ankanyamula alenje a m'tauni, iwo ndi mfuti zawo ndi agalu awo, kupita nawo kumalire a nkhalango ya Dzalanyama kukasaka nkhanga, agwape ndi nguluwe.

Zinthu zinayamba kuipa Elias, mnzake amene anakulira naye limodzi, atagula chigalimoto chachikulu chotseka, cha mphamvu m'mawilo onse anayi. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja lole ya feteleza inatitimira m'matope. Chrispin anaikoka mpaka pikapu inawira, nayonso n'kutitimira. Elias anafika, n'kuzikoka zonse ziwiri, lole ndi pikapu yomwe, anthu akuseka. Loweruka lotsatira mvula inawapeza alenje ali kumbuyo kwa pikapu, n'kuwanyowetsa mpaka mfuti zomwe. Kuyambira pamenepo anasamukira kwa Elias.

"Mulungu sanatitaye," anatero mkazi wake, Benedeta. "Pikapu yomweyi ndiyo yaphunzitsa mwana wathu Alinafe mpaka wakwatiwa."

"Iwe sunamve mmene ankandisekera," anayankha Chrispin.

Nsanje inamudya mpaka anayamba kuwonda. Kenako wina anamunong'oneza za mayi wina wa ku Kabudula, a Tisiyenji, amene ankakhwimitsa anthu kuti alemere. Chrispin anauza mkazi wake kuti akukafuna zitsulo za galimoto, n'kunyamuka.

Anawapeza mayiwo masana dzuwa likuswa mtengo, atakhala m'chigafa akusoka fodya. Sanali owopsa nkhope. Anali atavala chitenje chamaluwa ngati mayi wina aliyense, ndipo sanadzutse mutu.

"Mwabwera chifukwa cha galimoto ya mnzanu," anatero asanapatsidwe n'komwe moni. "Mukufuna afe, kapena mukufuna yanu?"

"Ndikufuna yanga, amayi. Yoposa yake. Yokoka chilichonse."

"Imeneyo ilipo kale, ikungodikira woiweta. Kodi mumadziwa kuweta?"

"Ndaweta mbuzi ndi agalu."

"Basi, mukudziwa kuti choweta chimadya." Anatulutsa kanthu kokulunga m'chikopa, kaubweya, kofunda ngati kamoyo. "Aka mukakabise m'kati mwa chitsulo chakumbuyo, chija mumakolekapo tcheni. Mwezi ukangooneka, chitsulocho chizinyambita magazi a nyama yakutchire, yopha inu ndi dzanja lanu. Inu ndinu mlenje, eti? Sizovuta."

"Nanga ndikabwera chimanjamanja?"

Apa m'pamene mayiwo anamuyang'ana. "Njala ikaipweteka idzadzifunira yokha. Ndipo mumve bwino: musadzaipatse nyama ya m'khola. Ikadzalawa za pakhomo, kutchire sidzakufunanso."

Chrispin anakumbukira kuseka kwa anthu aja. Anatambasula dzanja.

"Ndikulipireni chiyani?"

"Ine simundilipira," anatero a Tisiyenji, akubwerera ku fodya wawo. "Ine ndimangokumanitsa."

Sipanapite nthawi, mayi wina wamasiye wa ku esiteti ina ya fodya ku Namitete anamuitanitsa. Pabwalo panali chigalimoto chakuda, chachitali, chonyezimira. Mayiyo anati amuna awo anamwalira posachedwa, ndipo iwo ankangofuna kagalimoto konyamulira chimanga.

"Mundisiyire pikapu yanuyo, mutenge iyi," anatero.

"Mongosinthana basi? Kodi ndi yowonongeka?"

"Ilibe vuto. Ingoichotsani pakhomo pano lero lomwe." Polankhula, mayiyo ankayang'ana kumbali, ndipo ana awo anali atawatsekera m'nyumba.

Chrispin anabisa chikopa chija m'chitsulo, ndipo tsiku lomwelo anakapha gwape n'kupakapo magazi. Anaona magaziwo akuuma pomwepo ngati madzi pathanthwe lotentha.

Galimotoyo inali yodabwitsa. Inkakoka malole odzaza mabelo a fodya ngati ikukoka ngolo yopanda kanthu. Madambo amene Elias ankawazungulira, iyo inkangodutsa pakati. Alenje anabwerera, ndipo anabwera ndi anzawo, chifukwa tsopano ankakhala pamipando yofewa, mfuti zili pouma, nyama ili m'kangolo kumbuyo. Anthu anaitcha dzina loti Njati. Chrispin anamanga nyumba ya malata, anatsegula golosale, ndipo analemba ntchito mlamu wake Tomasi, mchimwene wa Benedeta, kuti azikoleka tcheni. Ku tchalitchi anayamba kukhala kutsogolo.

Koma nkhalango nayo imatopa. Owotcha makala anali atalowa m'kati, mitengo ikugwa, nyama zikuthawira kutali. Alonda a nkhalango nawo anakhwimitsa malamulo. Kumene kale ankabwera ndi nguluwe, tsopano ankabwera ndi nkhanga imodzi. Kenako mwezi wina unaoneka Chrispin alibe ngakhale njiwa. Anayenda m'tchire mpaka mapazi anatupa, osaona kanthu. Galimoto inayamba kulira mwachilendo, mozama, ngati chilombo chimene chili m'mimba mopanda kanthu.

Madzulo ena analowa m'khola, n'kugwira kamwana ka mbuzi. "Magazi ndi magazi," anadziuza. "Chitsulo chingadziwe bwanji?"

Chitsulocho chinamwa msanga kuposa kale.

Woyamba kufa anali galu wake wosaka, amene ankakonda kugona pamthunzi kuseri kwa galimoto. Anamupeza ataphwanyika, chikhalirecho galimoto inali yozimitsa, pamalo athyathyathya, mwala uli kutayala. Chrispin anathamangira kutchire, ndipo mwamwayi anapha kalulu. Anapaka magazi pachitsulo, koma anangoyenderera mpaka pansi. Sichinamwe.

"Pasapezeke munthu woima kumbuyo kwa galimoto iyi," analamula pakhomo.

"Nanga tcheni ndizikoleka bwanji, alamu?" anafunsa Tomasi akuseka.

Chrispin anayamba kukoleka yekha. Koma tsiku lina pa Namitete, akukambirana ndi mwini minibasi imene inafa, Tomasi anangoti athandize. Anawerama pakati pa galimoto ziwirizo, tcheni chili m'manja. Mu Njati munalibe munthu. Anthu amene analipo anati inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mosamala, ngati muli dalaivala wodziwa. Tomasi sanafike naye n'kuchipatala komwe, ngakhale chinali pafupi.

Pamaliro anthu ankanong'onezana. Benedeta analira mchimwene wake mpaka mawu anatha, koma akayang'ana mwamuna wake ankaona munthu amene sakulira.

Maliro atatha, Chrispin anabwerera ku Kabudula. A Tisiyenji anali m'chigafa momwe muja.

"Tengani zinthu zanu, amayi. Sindikuzifunanso."

"Zanga ziti? Ndinakuuzani kuti ine ndimangokumanitsa."

"Ndikachotsa chikopa chija n'kuchitentha."

"Kachiyang'aneni ngati chilipo. Chinalowa kalekale."

"Ndiye ndigulitsa galimotoyo. Ndiipereka ngakhale ulele."

"Mwini wake woyamba anayesa. Inachoka pakhomo pake iye atagona m'manda." Mayiwo anadula ulusi ndi mano. "Mbuzi ija munaipatsa ndinu. Tsopano ikudziwa njira ya pakhomo, ndipo imayambira kutali, ikumayandikira. Galu, mlamu. Kodi muli ndi ana?"

Chrispin anagwada. "Ndichite chiyani?"

"Mukanafunsa zimenezo musanatambasule dzanja."

Atabwerera, anaimika galimoto kuseri kwa golosale n'kuikulunga ndi lona. Anakana ntchito zonse. Alenje anaimba foni mpaka anatopa. Mashelefu a m'golosale anayamba kuoneka matabwa. Chrispin ankangokhala pakhonde, akuyang'ana kumwamba ngati mwezi waoneka.

Nthawi imeneyo mwana wawo Alinafe anali woyembekezera, ndipo anali kumudzi kwa mwamuna wake, kutsidya la mtsinje. Mvula inagwa masiku otsatizana, misewu n'kusanduka phala. M'mawa wina uthenga unafika woti matenda amuyamba mwadzidzidzi, ndipo zinthu sizili bwino. Ambulansi inali itabwerera panjira. Elias anali ku Lilongwe.

"Vundukulani galimoto," anatero Benedeta, akumanga mpango.

"Sindingathe."

"Mwati chiyani?"

"Tifune ngolo. Timunyamule pa machira. Koma mu galimoto iyi ayi."

Benedeta anamugwira malaya. "Bambo a Alinafe, mwakoka malole a anthu osawadziwa, lero mukukana mwana wanu? Mukundibisira chiyani? Kodi achimwene anga anafa bwanji?"

Chrispin anaona kuti akanena, mkaziyo amuthawa. Akapanda kupita, mwana afa. Anadzinyenga kuti ngozi yonse ili kumbuyo kwa galimoto, ndipo munthu wokhala m'kati ndi wotetezeka. Anavundukula lona. Njati inalira kamodzi kokha, mokondwa.

Popita inayenda ngati pali phula. Anamupeza Alinafe atafooka, thukuta lili kamukamu. Anamugoneka pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya amayi ake.

"Ababa, mwabwera," ananong'ona. "Ndimadziwa kuti mubwera."

Pobwerera anawoloka kamlatho ka mitengo madzi akunyambita m'mbali, n'kuyamba kukwera chitunda cha kutsidya. Ali pakati pa chitundacho, injini inangozima. Chrispin anakoka buleki ya pamanja, n'kuuza Benedeta kuti atsike aike miyala kumatayala a kutsogolo, asayandikire kumbuyo. Iye anatsika kuti atsegule boneti. Atangoponda pansi, anamva zitseko zonse zikudzitseka, kha!

Galimoto inayamba kubwerera. Chrispin anagwira chitseko, anamenya galasi ndi mwala, koma silinasweke. Anaona dzanja la mwana wake likupapasa galasilo m'kati. Anathamangira kumbuyo, n'kuima panjira yake atatambasula manja.

"Tenga ine!" anakuwa. "Ndine ndinakuweta! Tenga ine!"

Njati inakhota pang'ono, n'kumulambalala. Inatsetsereka mpaka m'mtsinje, madzi ofiira n'kuiphimba.

Madzi ataphwera, anthu a m'mudzimo anamutulutsa Alinafe, n'kumuika m'manda limodzi ndi mwana amene sanaone dzuwa. Pamanda pomwepo Chrispin anagwa pansi n'kuulula zonse mofuula, za ku Kabudula, za mbuzi, za Tomasi. Benedeta sanamutukwane. Anangotembenuka, n'kupita kwawo, ndipo sanabwererenso. Achibale a mkamwini anatentha golosale. Nyumba ya malata palibe anafuna kuigula, ndipo inagwa yokha.

Mutu wa Chrispin sunabwerere. Anadzimanga tcheni m'chiuno, n'kumayenda m'mbali mwa msewu pakati pa Msundwe ndi Namitete, akukoka zitsulo zakutha, nthambi, chilichonse chimene wapeza. Akaona mwana akusewera kuseri kwa galimoto, ankathamanga akulira, n'kumukankhira kutali. Madalaivala ena ankamuponyera chimanga chootcha, ena ankangotseka magalasi. Chilimwe china anamupeza m'ngalande atauma, tcheni chitalowerera m'mnofu.

Abale anga, pikapu yokankha inkadyetsa banja la Chrispin, ndipo aliyense ankagona ndi moyo. Chimene chinamupha si umphawi ayi, koma diso loyang'ana pakhomo pa mnzake. Chuma chokhwimira sichibwera chokha. Chimabwera ndi pakamwa, ndipo chikamaliza zakutchire chimalowa m'nyumba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chochepa chimene mwachipeza ndi thukuta lanu chisungeni, chifukwa sichidzakufunsani kuti muli ndi ana angati.