Chala Kuseri kwa Khutu

Eneya analakwira mkazi wake, ndipo analakwa ndi pakamwa. Dzanja sanamuike ayi. Anangoyankhula pa mowa, mawuwo n'kumera miyendo.

Zinali chonchi. Eneya anali mkamwini kwa Lenia, m'mudzi wina kufupi ndi Chiringa, ndipo ankagulitsa matemba panjinga. Tsiku lina Lenia, ali ndi pakati, anadzuka nkhope itagwa mbali imodzi. Milomo inakokekera kumanja. Diso lamanzere linakana kutsinzina. Akamamwa madzi, ena ankatsikira pachibwano. Kumeneko anthu amati munthu akapotoka pakamwa ndiye kuti anapita kukatamba usiku pakhomo lotsirika, n'kukalandirako mbama. Eneya anagwidwa mantha, koma manyazi ndiwo anakula.

Apongozi ake, a Eveles, anaima kuseri kwa nkhokwe, paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso. Anapempha kuti awatengere mwana wawo kuchipatala. Iye anayankha kuti njinga ili ndi ntchito. Madzulo ake ali pa kachasu anati, "Kamufunseni yekha kumene anapita usiku." Posakhalitsa anamanga bulangete lake pakaliyala n'kubwerera kwawo ku Jenala. Lenia anapita kuchipatala wapansi, mayi ake atamugwira mkono. Mwana wawo Hilda anabadwa Eneya kulibe. A Eveles atamwalira, Eneya anangomvera pamsika, ndipo kumaliro sanapondeko.

Panapita zaka. Chaka chimene anthu analandira sitata paki ya mbewu ndi feteleza, m'nyengo yozizira, Eneya anachedwa pamsika wa Chiringa. Matemba anatha dzuwa litalowa kale. Dengu analisungitsa pagolosale, n'kuponya kachidutswa ka nzimbe m'kamwa, ulendo wa ku Jenala. Mphepo yochokera kuphiri inkamumenya tsaya lamanzere. Mwezi unali wochepa.

Atatsala pang'ono kufika pamlatho anaona mayi ataima m'mbali mwa msewu, atafunda chitenje kumutu. Sanakweze dzanja. Anangoima chopereka msana.

"Zikomo, bambo. Tiperekezeniko."

Eneya anaima. Nkhalamba payokha usiku, ungaisiye bwanji? Mayi uja anazungulira kumbuyo osaonetsa nkhope, n'kukhala pakaliyala. Njinga sinagwedezeke n'komwe.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Palasani. Pokhota tikuuzani."

Anapalasa. Kumbuyo kunali kopepuka ngati sananyamule kanthu, koma mapedulo ankalimba ngati akukwera chitunda. Mayi uja sankapuma. Eneya anatchera khutu kuti amve mpweya wake, koma ayi ndithu.

Kenako tcheni chinayamba kusokosa. Khutu lamanja linkachimva monga mwa masiku onse. Lamanzere linkachimva ngati chigayo. Anatafuna nzimbe ija kuti mtima ukhale pansi. Mbali imodzi ya lilime inamva kutsekemera. Mbali inayo inali ngati akutafuna chiguduli chonyowa. Analavula.

Pamenepo mayi uja anayankhulanso, chapansipansi, pafupi ndi khosi lake.

"Lero njingayi ilibe ntchito?"

Tsitsi linamuima. Nkhope ya apongozi ake sakanaizindikira, poti sanaiyang'anepo bwinobwino chikwatirire. Koma mawuwo! Zaka zonse za ukamwini wake ankawamva chonchi, akuchokera kumbuyo, kuseri kwa chinthu.

Anafuna kugwira buleki. Zala zinakana kuchoka pahandulo. Miyendo inkangopalasa yokha.

Chala chozizira chinamukhudza kuseri kwa khutu lamanzere, pafupa lija lotukuka. Chinadinikiza. Ululu unalowa ngati msomali. Chalacho chinatsika pang'onopang'ono, n'kudutsa kunsi kwa khutu, n'kufika patsaya. Apo dzanja lonse linatambasuka. Chala china chinakwera pachipumi. China chinaima pakona pa diso. China pambali pa mphuno, china pamlomo, china pachibwano. Paliponse pamene pankakhudzidwa, mnofu unkangoti zii, ngati nyale yozimitsidwa.

Eneya anatsinzina kuti asaone. Diso lamanja linamvera. Lamanzere linakhala chotsegula, likuona msewu, mphepo ikulilowa, misozi ikuyenderera. Anayesa kuitana dzina la Yesu. Mpweya unangothawira pakona pa mlomo.

"Khotani apa."

Anakhota. Kanjirako ankakadziwa.

Amene anamupeza m'bandakucha anali Phillip, mchimwene wake wa Lenia. Eneya anali atakhala pansi pakhonde la Lenia, malaya atanyowa ndi mame, njinga itagona pabwalo. Dovu linkadontha mbali imodzi. Diso limodzi lili tong'o.

Phillip anakuwa, ndipo mudzi unasonkhana. Ena anabwera atafunda mabulangete, ena ndi zibonga.

"Yagwidwa! Mfiti yagwidwa pakhomo!"

"Anzake amawuluka palichero," anatero mayi wina, "uyu wabwera panjinga!"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali koipa. Phillip anali atagwira mpini wa khasu.

"Alamu," anatero, "si inu nomwe munatiphunzitsa? Munthu akapotoka pakamwa amakhala akuchokera kuti? Tiuzeni."

Eneya anazyolika. Akanati chiyani? Kunena kuti wanyamula munthu wakufa panjinga kukanangomumaliza.

Chitseko chinatseguka. Lenia anatuluka akumanga chitenje. Nkhope yake inali itawongoka kalekale. Kupendekeka kunkangooneka pang'ono akamayankhula. Anamuyang'ana mwamunayo nthawi yaitali, kenako anagwada patsogolo pake.

"Kwezani nsidze."

Inakwera imodzi.

"Tsinzinani. Onetsani mano."

Anaimirira n'kudzikuntha m'mawondo.

"Achimwene, ikani mpiniwo pansi. Uwu ndi mtsempha."

"Mtsempha wa chiyani?"

"Si wa magazi ayi. Ndi uja wonyamula uthenga kuchokera ku ubongo. Adokotala anandiuza ine. Ilipo yambiri, wina wa maso, wina wa fungo, wina wa kumva. Uwu ndi woyendetsa nkhope. Umatulukira pakabowo ka fupa, apa." Analoza kuseri kwa khutu lake. "Ukatupa umapanikizika m'fupamo, uthenga osadutsa. Ndiye chipumi, diso, milomo, zonse mbali imeneyo zimangogona. Ngakhale lilime limaiwala mchere. Ukafika patsaya umagawikana ngati zala."

Anatambasula dzanja pankhope pake kuti anthu aone. Chala pachipumi, china pakona pa diso, china pambali pa mphuno, china pamlomo, china pachibwano.

Eneya anagwira tsaya lake, momwe munadutsa zala zozizira zija.

"Amayi analipo adokotala akulongosola," anapitiriza Lenia. "Ankandisisita momwemo ndi mafuta madzulo aliwonse, mpaka ndinachira. Dzanja lawo linaloweza njira yake."

Panalibenso woseka. Agogo ena amene anatsatira mapazi a njinga pamame anabwerera n'kunong'oneza mnzawo. Mnzawoyo ananong'oneza wina. Matayala sanachokere kumsewu. Anachokera kukanjira ka kumanda. Amayi angapo anakoka zitenje n'kufunditsa mapewa.

Koma Phillip mpini sanausiye.

"Mtsempha ndamva. Nanga pakhomo pano wadzatani usiku? Zaka zonsezi mlongo wanga akulozedwa zala pachitsime, ana kuthawa akamuona. Lero angonyamuka, ati mtsempha?"

"Disolo likufunika kuphimba, lingaume," anatero Lenia. "Ndipo apite kuchipatala lero lomwe. Ine zanga ndanena. Zotsalazo anene okha."

Anabwerera n'kukaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

Eneya anatsika pakhondepo. Anagwada pomwepo padothi. Anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka ophwanyika, osamveka. Wina kumbuyo anatsonya. Ndiye anakweza dzanja, n'kugwira tsaya lakufalo, n'kulikokera m'mwamba kuti milomo ikumane. Anayankhula mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Amake Hilda sanapite kulikonse usiku umene uja. Anagona pambali panga mpaka kunacha, ine ndikudziwa. Ndinanama pa mowa chifukwa ndinkachita manyazi ndi nkhope yawo. Bodza limenelo ndi langa, musawalozenso chala. Amake Hilda, ndinakulakwirani, inu ndi amayi amene agona ukowo. Pepani."